Kuweta nyanja ya mchere m'nyumba

Anzanga, kunjaku kuli anthu amene amaweta nsomba zosadya. Sazikazinga, saziwamba, sapita nazo kumsika ayi. Amaziika m'bokosi lagalasi pabalaza n'kumangozionerera ngati mmene ife timaonerera mpira. Bokosi limeneli pa Chingerezi amati aquarium, koma ine m'nkhani ino ndizingoti thanki. Mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi zimakwera ndege kupita ku Germany, ku Britain ndi ku America kukakhala m'mathanki oterewa, koma zimenezo ndi za madzi opanda mchere ndipo sizivuta kwenikweni. Thanki imene ndikufuna tikambirane ndi ina, yovuta kwambiri: ya madzi a mchere, yokhala ndi makorali amoyo pamodzi ndi nsomba zochokera ku Indian Ocean ndi ku Pacific. Eni ake amaitcha reef tank.

Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kung'ung'udza kuti, "Nanga ife zikutikhudza chiyani, kwathu ngakhale magetsi kulibe?" Dikirani kaye, musachoke pabolodi. Zinthu zija timaloweza usiku ndi tochi pokonzekera JCE, za photosynthesis, za nitrogen cycle, za madzi kuuluka n'kusiya mchere, zonsezo zimakumana m'thanki imodzi yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikalakwitsa timangolandira cholembera chofiira, koma mwini thanki akalakwitsa amadzuka m'mawa n'kupeza ziweto zake zonse zayandama chagada.

Tiyambe ndi makorali. Ukawaona pachithunzi ungati ndi miyala kapena timitengo touma, chonsecho ndi nyama. Ndi tinyama ting'onoting'ono totchedwa polyps, tokhala tambirimbiri malo amodzi, ndipo kalikonse kali ndi kamwa pakati ndi timanja tozungulira kamwapo. Tambiri mwa ito timamanga chigoba cholimba cha calcium carbonate, chinthu chomwecho chimene chili m'chigoba cha nkhono ndi cha dzira. Akale akafa, atsopano amamanga pamwamba pawo, mpaka patapita zaka masauzande pamakhala chitanthwe chachikulu pansi pa madzi. Great Barrier Reef ya ku Australia ndi yotalika makilomita pafupifupi 2,300. Kwa aneba athu ku Mozambique makorali aliko, kuzilumba za Quirimbas ndi za Bazaruto. Matanthwe onsewa sakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira malo amenewa.

Chimene chinandidabwitsa ine ndi ichi: nyama imeneyi ili ndi munda m'thupi mwake. Mkati mwa mnofu wa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, dzina lake zooxanthellae. Dzinalo ndi lovuta, inenso lilime limapindika, ndiye tizingoti ndere za m'kati. Zimakhala ngati matenanti a pa esiteti. Tinyamati timazipatsa malo ogona, mpweya wa carbon dioxide ndi zonyansa za m'thupi zimene kwa nderezo ndi feteleza. Nderezo zimagwira kuwala n'kupanga shuga, basi n'kupereka gawo lalikulu kwa mwini malo. Mitundu ina ya makorali imapeza chakudya chofika magawo 90 pa 100 kuchokera kwa matenanti amenewa, chotsalacho ndiye imachita kugwira tizilombo ta m'madzi ndi timanja tija, makamaka usiku.

Ndiye mwaona kuti nyali ya pathanki si yokongoletsera. Nyaliyo ndiyo nsima ya makorali.

Komatu si nyali iliyonse. Babu wamba wa m'nyumba kapena kanyali ka sola kaja timawerengera sikangathandize. Pajatu kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo madzi samwa mitunduyi mofanana. Kuwala kofiira ndiko kumayamba kutha, pofika mamita asanu kapena kuposerapo pang'ono kumakhala kwachepa kwambiri. Kenako kumatsatira kwa olenji, kwachikasu, kobiriwira, ndipo kwa buluu ndiko kumalowa pansi kwambiri kuposa konse. Ndere za m'kati zija zinazolowera kulima ndi kuwala kwa buluu. N'chifukwa chake mathanki a makorali amaoneka a buluu ngati malo a disiko. Kale oweta ankagwiritsa ntchito mababu amphamvu otchedwa metal halide, koma ankadya magetsi ambiri ndiponso ankatenthetsa madzi. Masiku ano ambiri anasamukira ku nyali za LED, zimene munthu amatha kuzichepetsa kapena kuziwonjezera mphamvu.

Nyaliyo imayaka maola 8 mpaka 12 patsiku, ndipo ambiri amailumikiza ku kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha kuti nthawi isamasinthesinthe. Usiku uyenera kukhalapo, chifukwa nsomba nazonso zimagona. Poyeza mphamvu ya kuwala sadalira maso, chifukwa diso la munthu silimva bwino kuwala kwa buluu: nyali ikhoza kuoneka yofooka kwa ife koma ikuwotcha makorali. Amayeza ndi kachipangizo kowerenga chimene amati PAR, ndiko kuti kuwala kumene chomera chingathe kugwiritsa ntchito. Makorali ofewa, monga aja ooneka ngati bowa, amakhutira ndi 50 mpaka 100. Olimba a nthambi otchedwa Acropora amafuna 200 mpaka 400. Choncho woweta wanzeru amaika a nthambiwo pamwamba pa mulu wa miyala, kufupi ndi nyali, ofewawo n'kuwasiya pansi kapena pamthunzi.

Amene munathandizapo makolo kunazale ya fodya kapena ya tomato mumvetsa msanga chotsatirachi. Mbande zimene zakulira pansi pa udzu sitizizula lero n'kukaziwokera padzuwa la mu Okutobala. Timayamba tachotsa udzuwo pang'onopang'ono kuti zikhwime. Makorali nawonso chimodzimodzi. Akangofika kumene, woweta amawaika pansi kapena amachepetsa nyali, n'kumaiwonjezera pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Akachita phuma n'kuwathira kuwala konse tsiku limodzi, ndere zija zimagwira ntchito mopitirira muyeso n'kuyamba kutulutsa zinthu zowononga mnofu. Zikatero tinyamati timathamangitsa matenanti athu aja. Nderezo zikachoka mtundu umachokanso, mnofu umatsala woonekera ngati pulasitiki, ndipo chigoba choyera chimaonekera mbee. Kumeneko ndiye kuyera kwa makorali, pa Chingerezi bleaching. Amakhala asanafe, koma ali pa njala. Zinthu zikabwerera mwakale msanga nderezo zimabwerera; zikachedwa, basi kwatha.

Kutentha nakonso kumachita zomwezo. Madzi a m'thanki amafunika kukhala pa madigiri 24 mpaka 27, osakwera ndi kutsika mwadzidzidzi. N'chifukwa chake thankiyi saiika pawindo pofika dzuwa, ngakhale kuti dzuwa ndi laulere. M'nyanja yeniyeni, madzi akangokwera ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amatenthera m'nyengo yotentha, n'kukhala choncho kwa milungu ingapo, matanthwe athunthu amayera. Zinachitika kwambiri mu 1998, ndipo Indian Ocean inavulala zedi chaka chimenecho. Mu 2016 zinagwera Great Barrier Reef. Mu Epulo 2024 bungwe la boma la America lotchedwa NOAA linalengeza kuti kuyera kwa makorali kwakhudzanso dziko lonse kachinayi. Tikamamva za kusintha kwa nyengo timangoganiza za mvula yochedwa ndi namondwe, koma pansi pa nyanja nakonso kuli maliro.

Tsopano madzi. Ine ndimaona kuti munthu ameneyu kwenikweni amaweta madzi, nsombazo zimangopezerapo mwayi.

M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja ya mchere muli mchere pafupifupi magalamu 35. Ndiye kuti ndowa ya malita 20 ikufuna magalamu ngati 700. Koma musaganize kuti mungathamangire kugolosale kukagula mchere wa m'ndiwo. Umenewo ndi sodium chloride basi, pamene madzi a m'nyanja alinso ndi magnesium, calcium, potassium ndi zina zambiri. Makorali amayamwa calcium m'madzimo tsiku ndi tsiku pomanga chigoba, ndipo woweta amayesetsa kuti akhale pa mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita. Choncho amagula mchere wosakaniza kale kufakitale, n'kuusungunula m'madzi osefedwa bwino kwambiri. Madzi a pampopi ali ndi chlorine amene amapha nsomba, ndipo a pamjigo kapena a pachitsime akhoza kukhala ndi zinthu zina zosungunuka zimene ife sizitivuta koma makorali sazifuna. Akasakaniza amayeza ndi hydrometer, kachipangizo koyeza kulemera kwa madzi poyerekeza ndi madzi wamba, ndipo nambala imene amafuna ndi 1.025 kapena 1.026. Amayezanso pH, imene iyenera kukhala 8.1 mpaka 8.4.

Pali msampha wina umene aliyense wophika ndiwo akuudziwa. Mukasiya mphika pamoto msuzi n'kuphwera, ndiwo zimawawa mchere, eti? Madzi auluka koma mchere watsala. Thanki nayo imataya madzi tsiku lililonse chifukwa cha kutentha kwa nyali ndi mphepo. Woweta akaona kuti madzi atsika amawonjezera opanda mchere. Akawonjezera a mchere, mcherewo umangokwera sabata ndi sabata mpaka zamoyo zonse zitafooka. Madzi a mchere amathira pokhapokha ngati wachita kutunga ena n'kutaya, zimene ambiri amachita sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri, kuchotsa gawo limodzi mwa magawo khumi.

Chifukwa chotayira madziwo ndi chimbudzi. Nsomba zilibe kothawira, zimadya momwemo n'kudzithandiza momwemo. Zonyansa zake ndi zakudya zotsala zimasanduka ammonia, amene ndi poizoni woopsa ngakhale atakhala wochepa. M'nyanja amangomwazikana, koma m'thanki ya malita 200 alibe kopita. Apa ndi pamene nitrogen cycle ija timajambula ndi mivi m'makope imagwira ntchito yopulumutsa moyo. Gulu lina la mabakiteriya limasandutsa ammonia kukhala nitrite, amenenso ndi woipa, kenako gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene sapweteka kwambiri ngati sanachuluke. Mabakiteriyawa amakhala m'timabowo ta miyala ndi mumchenga wa pansi, ndipo kuti aswane okwanira pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Nthawi yonseyo thanki imakhala ikuyenda yopanda nsomba ngakhale imodzi. Tangoganizani, munthu wawononga ndalama zake zambirimbiri, alendo akubwera kudzaona, iye n'kumawaonetsa miyala ndi madzi! Koma wosapirira, amene amaika nsomba tsiku loyamba, amazipha ndi mkodzo wawo womwe.

Nitrate uja akachuluka, pamodzi ndi phosphate wochokera m'zakudya, ndiye kuti mwathira feteleza pansi pa nyali yamphamvu. Chimamera ndi udzu: ndere zobiriwira zonga tsitsi zimene zimaphimba makorali. Oweta amaika nkhono za m'nyanja kuti zizipalira, ndipo amachepetsa chakudya. Lamulo lake n'lakuti nsomba zipatsidwe chimene zingamalize m'mphindi ziwiri zokha.

Za thanzi la nsomba, choyamba dziwani kuti nsomba ya m'nyanja ya mchere imakhala ndi ludzu moyo wake wonse ngakhale ili m'madzi. Magazi ake ali ndi mchere wochepa kuposa madzi oizungulira, choncho madzi amatuluka okha m'thupi mwake kudzera m'makha, aja ofiira a m'mbali mwa mutu amene imapumira. Imeneyo ndiyo osmosis. Kuti isaume imamwa madzi a mcherewo nthawi zonse, n'kumatulutsa mcherewo kudzera m'makha momwemo, ndipo imakodza pang'ono kwambiri. Usipa ndi mbuna zathu ndi zosiyana: madzi amazilowa okha, ndiye sizimwa kwenikweni koma zimakodza kwambiri. Ntchito imeneyi imadya mphamvu. Mchere wa m'thanki ukamasinthasintha, nsomba imatopa, ndipo yotopa ndiyo imayamba kugwidwa ndi matenda.

Matenda otchuka kwambiri ndi a timadontho toyera, ngati wina waiwaza mchere pakhungu ndi pazipsepse. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans. Kachilomboka n'kochenjera. Kamadya pathupi la nsomba masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, kenako kamagwa pansi, ndiye mwini thanki amasangalala kuti nsomba yachira. Ayi ndithu. Pansipo kadzitsekera m'kachigoba ndipo kakugawikana, tsiku lina timatuluka tiana mazanamazana n'kukwera nsomba zonse. Tina timatha kubisala m'kachigobako mpaka masiku 72. Palinso matenda ena oopsa kuposa amenewa, otchedwa velvet, amene amaoneka ngati fumbi pathupi ndipo amawononga makha. Akhoza kumaliza thanki yonse m'masiku ochepa. Woweta amaphunzira kuyang'anitsitsa ziweto zake pa nthawi ya chakudya. Nsomba ikamadzikhula pamiyala, ikamapuma mofulumira, ikamakana kudya kapena kubisala tsiku lonse, ndiye kuti pali chimene chalakwika, ndipo asanaganize za mankhwala amayamba wayeza madzi.

Vuto lake n'lakuti mankhwala amene amapha tizilomboti bwino ali ndi copper, ndipo copper amaphanso makorali, nkhono ndi nkhanu. Amalowereranso m'miyala n'kumatuluka pang'onopang'ono. Choncho simungathire mankhwalawo m'thanki yaikulu. Pamafunika kuvuula nsomba zonse, kukazichiritsira m'thanki ina yopanda miyala, yaikuluyo n'kuisiya yopanda nsomba masabata khumi ndi limodzi kuti tizilombo tife ndi njala. Ntchito yake si yamasewera.

Njira yachidule agogo athu akuidziwa kale. Nkhuku yogula kumsika saiphatikiza ndi zinzake tsiku lomwelo, amayamba aimangirira payokha kuopa chitopa. Oweta nsomba osamala amachita chimodzimodzi: nsomba yatsopano imakhala m'mbindikiro m'kathanki kapadera kwa masabata anayi kapena kuposerapo, ndipo ukonde ndi ndowa zake sizikhudza thanki yaikulu. Ambiri amaona ngati n'kutaya nthawi. Kwa ine, munthu amene alibe malo a kathanki kachiwirika sanakonzeke kugula koyamba komwe.

Kuthithikana nakonso kumadwalitsa. Ena a inu munaonerapo katuni ya Finding Nemo, ya mu 2003. Nemo ndi clownfish, kansomba ka olenji ka mizere yoyera, ndipo awiri akhoza kukhala bwino m'thanki yaing'ono chifukwa ngakhale kunyanja sapita kutali ndi kwawo. Zoseketsa zake, onse amayamba ali amuna. Wamkulu pagulu ndiye amasanduka wamkazi, ndipo akafa, mwamuna wotsatira amasanduka mayi. Koma mnzake uja wa buluu, Dory, ndi blue tang, nsomba yofika masentimita 30 yozolowera kusambira mtunda wautali. Kuiika m'kathanki kakang'ono kuli ngati kuweta mbuzi m'dengu, ndipo mtundu umenewu ndi umodzi mwa imene imagwidwa msanga ndi timadontho toyera tija.

Mbali imene sindikondwera nayo ndi ya kumene nsombazi zimachokera. Mitundu yambiri imagwidwa kunyanja, makamaka ku Indonesia ndi ku Philippines. Kumeneko asodzi ena amathira poizoni wa cyanide m'mapanga a makorali kuti nsomba zikomoke azitole mosavuta, ngakhale kuti malamulo amaletsa. N'chimodzimodzi ndi aja amathira katupe mumtsinje: wagwira khumi, wapha zambiri, ndipo makorali a pamalopo nawonso amafa. Nsomba yogwidwa choncho imatha kufika kusitolo ikuoneka bwino, n'kukafera kwa woigula. Pali kansomba kena kotchedwa Banggai cardinalfish, kamene kwawo kwenikweni ndi kuzilumba za Banggai ku Indonesia. Kamasunga mazira m'kamwa ngati chambo chathu, kungoti kwa iko ndi bambo amene amafungatira, osati mayi. Kanagwidwa kwambiri chifukwa cha malonda a mathanki mpaka mu 2007 kanalembedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha. Mwamwayi kamaswana m'thanki, monganso clownfish, ndipo mu 2016 akatswiri a ku University of Florida anakwanitsa kuswetsa blue tang koyamba. Makorali nawonso amadulidwa tizidutswa n'kumera, monga timachitira ndi chinangwa, moti oweta amagawana mbewu osakagumula kunyanja. Ndikanakhala ine wopanga malamulo, ndikanalola zoswedwa m'thanki zokhazokha.

Ndipo wina akatopa nazo asakazitaye m'madzi achilendo. Lionfish, nsomba ya minga yaululu ya ku Pacific ndi Indian Ocean, inaoneka koyamba kugombe la Florida mu 1985, ndipo akatswiri ambiri amati inachokera m'mathanki a anthu. Lero yadzaza nyanja ya Caribbean, ikumeza tiana ta nsomba za kumeneko. Ife nkhani yotere si yachilendo: namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu ankakonda maluwa ake.

Uja anafunsa za magetsi anali ndi mfundo ndithu. Thankiyi imapuma ndi mapampu. Ndiwo amagwedeza madzi kuti oxygen alowe, ndiponso kuti makorali, amene sangathe kuyenda, alandire chakudya ndi kuchotseredwa zonyansa. Makorali akhoza kupirira masiku awiri kapena atatu opanda nyali, ngati mmene zimakhalira kunyanja kukachita mitambo, koma mapampu akaima, oxygen amatha m'maola ochepa ndipo nsomba zimayamba kuwefukira pamwamba. N'chifukwa chake oweta amasunga kapampu ka mabatire kapena jenereta. Kwathu kuno ndiye pangafunike sola yamphamvu ndi mabatire okwanira usiku wonse, tisanakambe n'komwe za mtengo wa mchere wochita kuitanitsa kunja.

Nali funso la amene mwawerenga mpaka pano osathamangira phala. Munthu ali ndi thanki ya malita 200. Choyamba, akufunika mchere wochuluka bwanji kuti aidzaze koyamba? Chachiwiri, Loweruka watunga malita 20 n'kutaya. Asungunule magalamu angati m'madzi obwezeramo? Chachitatu, pofika Lachitatu madzi atsika okha ndi malita 3 chifukwa cha kutentha; m'madzi owonjezerawo athiremo mchere wochuluka bwanji? Lembani mayankho anu pakapepala ndi kalasi yanu, mumate pansi pa nkhani ino lisanafike Lachisanu. A Fomu 4 nanunso mwaloledwa, koma lachitatulo muliganizire kawiri.